Mmene amapangira chithunzi cha msana pa kompyuta kuchokera pa sikani

Funso linali lakuti munthu angatsate ndondomeko yotani kuti apange msana wa pa kompyuta woonetsa mmene mafupa amasenzera kulemera kwa thupi.

Choyamba, pezani zithunzi za CT (sikani ya X-ray yojambula m'kati mwa thupi) za wodwala m'mafayilo a DICOM (mtundu wa mafayilo osungira zithunzi za kuchipatala), chifukwa CT imaonetsa bwino fupa, pamene MRI (sikani yogwiritsa ntchito maginito) ndiyo imaonetsa madisiki ofewa amene ali pakati pa mafupa. Kenako mulekanitse fupa lililonse, mwachitsanzo L1 mpaka L5 (mafupa asanu a msana wa m'munsi), pa pulogalamu monga 3D Slicer kapena Mimics. Apa mpofunika kudekha kwambiri, pakuti timfundo takumbuyo kwa msana tikamatirirana pa chithunzi, zotsatira zonse zimasokonekera ngakhale masamu ena onse atakhala olondola.

Mukatero, gawani fupa lililonse m'tizidutswa tambirimbiri kuti pulogalamu ngati Abaqus kapena FEBio iwerengetsere mphamvu pa kachidutswa kalikonse. Kulimba kwa fupa kumayerekezeredwa kuchokera pa manambala a Hounsfield a mu CT (amene amasonyeza kuchuluka kwa X-ray imene mbali iliyonse ya thupi yatsekereza), koma mitsempha yomanga mafupa imaikidwa ndi manja chifukwa sioneka bwino pa sikani.

Pomaliza, mangani fupa lapansi kuti lisasunthe, ndipo mupinde msanawo kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi kuupotoza, kawirikawiri ndi mphamvu ya 7.5 Nm (newton-mita, muyeso wa mphamvu yopinda kapena kupotoza). Zotsatirazo muziyerekeze ndi miyeso ya misana ya mitembo yoyesedwa m'labotale. Kumbukiraninso kuti wodwala amajambulidwa atagona, choncho kupindika kwa msana wake kumasiyana ndi mmene kumakhalira ataimirira.