Kujambula Blantyre wapansi: kumwamba koyera mbuu ndi makonde akuda bii

Chithunzi choyamba chomwe ndinajambula mu Victoria Avenue ndi kamera yanga yatsopano ndinachifufuta ndisanafike n'komwe ku Wenela. Maso anga anaona zonse: mitambo, zikwangwani za masitolo, mayi wa nthochi atakhala pakhonde ndi lichero lake. Koma kamera inandipatsa kumwamba koyera mbuu ngati pepala, pakhonde pali bii, mayi uja ngati sanabwere n'komwe. Ndinkati andigulitsa yakufa. Kamera inalibe mlandu. Diso la munthu likayang'ana kowala limadzichepetsa, likayang'ana mumthunzi limatseguka, ndipo limachita izi ife osadziwa. Kamera imayenera kusankha kumodzi. Komanso chithunzi cha JPEG, mtundu wa fayilo womwe makamera ndi mafoni ambiri amasungiramo zithunzi, chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse kuchoka pakuda kufika poyera, pomwe msewu wa m'tauni masana uli ndi kuwala kosiyana kwambiri kuposa pamenepo.

Ntchito yopanikiza kuwala konseko kuti kukwane pa sikirini ya foni kapena papepala ndi imene ojambula amaitcha tone mapping. Ili ngati kulongedza katundu wa matumba atatu m'chikwama chimodzi: china chipindidwe, china chitsale. Luso lagona posankha chotsalacho.

Koma tisanafike pa kompyuta, tiyambe ndi miyendo, chifukwa theka la vutoli limatha ndi nthawi yomwe mwadzuka. Ine ndimayenda Lamulungu m'mamawa, tauni ikadali zii, maminibasi asanadzaze misewu. Mu Okutobala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Juni limachedwa mpaka cha m'ma 6 koloko. Mukhale mwafika lisanatuluke. Ola loyambalo kuwala kumabwera cham'mbali, kumalowa m'makonde, ndipo kumwamba sikunapse. Ikamakwana 10 koloko, dzuwa lakwera, malata akuthobwa m'maso, makonde asanduka mapanga. Apo ndi pokamwera tiyi.

Ndimayambira pamwamba pa Victoria Avenue, pafupi ndi hotela ya Mount Soche, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka ku nyumba zakale za boma ndi holo yakale ya tauni. Kuchoka apo ndimakhotera ku Mandala House, nyumba ya kampani yakale ya zamalonda ya African Lakes Corporation yomwe inamangidwa mu 1882, ya makonde ozungulira pansi ndi pamwamba pomwe. Makonde amenewa ndiwo sukulu yabwino ya phunziro lathuli, chifukwa khoma limawala pomwe mkati mwa khonde muli mdima. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku mishoni ndimachisungira tsiku lina, madzulo a pakati pa sabata, chifukwa Lamulungu ndi tsiku la opemphera ndipo Loweruka kumachuluka maukwati. Anachimanga pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, yemwe sanaphunzire za zomangamanga, ndi njerwa zoumbidwa pomwepo m'zikombole zosiyanasiyana. Dzuwa likapendeka njerwa zija zimafiira psuu, ndipo kamzere kalikonse kamakhala ndi kamthunzi kake. Mukafika kumeneko, yambani mwalonjera ku ofesi n'kunena chomwe mwabwerera.

Za nyengo, anthu ambiri amabisa makamera chiperoni chikabwera mu Juni ndi Julayi. Ine ndi pomwe ndimatuluka. Chifunga chikaphimba mutu wa Ndirande kapena Soche, kuwala kumakhala kofanana paliponse, ndipo chithunzi chimodzi chimakwana popanda zambiri. Ovuta ndi Seputembala ndi Okutobala. Majakaranda achita maluwa, inde, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimasandutsa thambo kukhala lotuwa ngati phulusa, ndipo mukalikakamiza pa kompyuta kuti libiriwire limaoneka lauve.

Mawu awiri pa za ulemu. Tsiku lina mlonda wa panyumba ina yosanja anandigwira lamba wa kamera, n'kundiuza kuti, “Bwana, mwatenga chilolezo kwa ndani?” Ndinamuonetsa zithunzizo, tinaseka, ndinafufuta ziwiri zomwe zinali ndi khomo lake, nkhani inathera pomwepo. Kuyambira tsiku lomwelo sindilozetsa kamera kumabanki, kupolisi, kwa asilikali kapena kunyumba za boma zolonderedwa. Kwa mavenda ndi amayi a pamsika, yambani ndi moni. “Mwadzuka bwanji amayi, ndingajambule nawo nthochizi?” Ena amalola, ena amati mugule kaye, ena amakana. Wokanayo musamujambule mobisa. Ndipo yendani awiri, kamera ili m'chikwama chosaonetsa kuti muli kanthu.

Tsopano kajambulidwe. Ikani kamera pa RAW, osati JPEG, chifukwa RAW imasunga zambiri za m'malo owala ndi amdima zomwe JPEG imataya. ISO, muyeso wa momwe kamera imamvera kuwala, ikhale 100. Tembenuzani kagudumu kafike pa A kapena Av, pomwe mumasankha nokha kukula kwa kabowo ka lenzi, musankhe f/8, kuti nyumba yapafupi ndi phiri lakutali zonse zioneke bwino. Kenako jambulani kamodzi n'kuyang'ana histogram, kaphiri kamizeremizere kaja kamene kamaoneka pa sikirini. Kaphiriko kakakwana pakati osagunda khoma la kumanja kapena la kumanzere, basi, chithunzi chimodzi chakwana, pitirirani ulendo. Kakagunda kumanja kokha, chepetsani kuwala mpaka kachoke pakhomapo. Mdima mungathe kuudzutsa kunyumba, koma mtambo womwe wapsa mpaka kuyera subwereranso.

Kakagunda makoma onse awiri, ndiye nthawi yojambula katatu. Makamera ambiri ali ndi AEB kapena BKT. Muike pa -2, 0 ndi +2, ndipo kamera ijambula chimodzi chakuda chosunga mitambo, china chapakati, china chowala chotulutsa za m'khonde. Chomwe chikusintha chikhale liwiro la shutter lokha (nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala, yowerengedwa m'zigawo za sekondi), f/8 isasunthe, apo ayi zithunzizo sizidzagwirizana pozilumikiza. Samalani ndi chachitatucho. Ngati chapakati chili pa 1/125, chakuda chikhala 1/500, koma chowala chitsika kufika 1/30, ndipo pa liwiro limenelo dzanja limanjenjemera. Tirayipodi, choimikapo kamera cha miyendo itatu, m'tauni imaitana maso ambiri, ndiye ine ndimangotsamira mzati wa khonde kapena kukhazika kamera pakampanda, zigongono zili m'nthiti, mpweya nditaugwira.

Kunyumba, amene muli ndi Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, sankhani zitatuzo, pitani pa Photo Merge, kenako HDR, yomwe imalumikiza zitatuzo kukhala chithunzi chimodzi. Chongani Auto Align. Auto Settings ine ndimaichotsa, chifukwa imandiphikira ndiwo ndisanalawe. Pali kenanso kotchedwa Deghost. Pakati pa chithunzi choyamba ndi chachitatu, wakabaza wadutsa, mwana wasuntha, masamba agwedera, ndipo zikalumikizidwa mumapeza munthu wa mitu iwiri kapena njinga yoonekera mkati ngati mzukwa. Low imakwana pa masamba, Medium pa anthu oyenda. High ndimaipewa, nthawi zambiri imasiya timadontho ngati mchenga pomwe yakonzapo.

Chotuluka apo chimaoneka chozizira, chopanda moyo. Musadandaule, ndi mmene chiyenera kukhalira, chifukwa tone mapping yeniyeni ikuyamba tsopano. Ndimayamba ndi Exposure, yomwe imasintha kuwala kwa chithunzi chonse, ndikuyang'ana chinthu chomwe ndinaimira pamsewupo, kaya ndi khoma la njerwa kaya ndi nkhope. Kenako Highlights ndimatsitsa mpaka mitambo ioneke, nthawi zambiri cha m'ma -50 kapena -60. Shadows ndimakweza mpaka ndione kuti m'khonde muli chitseko ndi mpando, kawirikawiri osapitirira +40, n'kulekera pomwepo. Ndiye ndimatsitsa Blacks kuti penapake pakhalebe pakuda ndithu, pansi pa galimoto kapena kuseri kwa mzati. Ambiri amalumpha pamenepa. Khonde liyenera kukhalabe lakuda kuposa msewu, ndipo thambo liyenera kuwala kuposa khoma. Mukazifananitsa zonse, yemwe akuona chithunzicho sadziwanso kuti dzuwa linali mbali iti, ndipo nyumba imaoneka ngati yojambulidwa ndi makala pa katoni.

Ndikunena izi chifukwa ndinagwamo. Chaka choyamba ndinkakankha chilichonse mpaka kumapeto. Ndinaonetsa mchemwali wanga chithunzi cha tchalitchi chija ndikudzitama, iwo n'kuchiyang'ana kanthawi, n'kufunsa, “Achimwene, kodi chinapsa ndi moto liti?” Njerwa zinali zakuda ngati zofukiridwa ndi utsi, mitambo ngati kukubwera namondwe, pomwe tsikulo kunali kowala bwinobwino. Zinthuzi zili ngati soda m'therere. Pang'ono, therere lafewa. Mukawonjeza kasupuni kena, palibe angadye.

Chizindikiro choyamba choti mwapyola ndi mkombero woyera wozungulira denga, nsanja kapena mawaya a magetsi pomwe zakumana ndi thambo. Umabwera chifukwa pulogalamu ikuyerekeza kadontho kalikonse ndi anzake oyandikana nawo, ndiye pamalire a chakuda ndi chowala imasokonezeka. Kuti muuone msanga, chepetsani chithunzicho chikhale kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ukaoneka, bwezani Clarity ndi Dehaze, zomwe zimakhwimitsa chithunzi ndi kuchotsa chifunga, kenako Shadows. Clarity yanga sipitirira 15. Chachiwiri ndi khungu la anthu. Khungu lathu lakuda likadzutsidwa mopyola limatuwa ngati la munthu amene sanadzole mafuta, kapena limasanduka lofiirira ngati dothi la katondo. Ngati pali munthu pachithunzipo, ndimatenga kaburashi n'kukonza nyumba payokha, nkhope ndikuisiya pafupi ndi momwe inalili.

Amene mulibe ndalama zolipira Lightroom mwezi ndi mwezi, darktable ndi yaulere, ndipo tone equalizer yake imakulolani kukweza mdima wokha kapena kutsitsa kuwala kokha mosamala. Luminance HDR nayonso ndi yaulere, ili ndi njira zingapo zotchedwa maina a omwe anazipanga. Reinhard imatulutsa zooneka ngati zenizeni. Fattal ndi ya mtundu uja unandipserezera tchalitchi. Mantiuk ili pakati, bola muigwire dzanja.

Pa foni nkhani ndi yaifupi, chifukwa mafoni ambiri a masiku ano amajambula kangapo n'kulumikiza okha mukangodina. Chanu n'kugunda chala pomwe pali powala, kutsitsa pang'ono kadzuwa kamene kamatulukira pa sikirini, ndi kupukuta lenzi ndi nsalu, poti thukuta la m'thumba limachititsa chifunga chabodza. Mu Snapseed, pulogalamu ya pa foni yokonzera zithunzi, HDR Scape imayamba ili yaukali, ndiye ndimaitsitsa kufika cha m'ma 15 kapena 20, kapena kungoisiya n'kugwiritsa ntchito Highlights ndi Shadows za mu Tune Image.

Ndikamaliza sinditumiza tsiku lomwelo. Maso akakhalitsa pa laputopu amazolowera zonyanya, ndiye ndimatseka, n'kudzatsegula mawa lake m'mawa. Chithunzi cha Mandala House chomwe chili pakhoma kwanga ndinachikonza katatu motero, ndipo ulendo uliwonse ndinkabweza Shadows m'mbuyo. Chinathera pa +25. Khonde lam'mwamba ndi lakuda ndithu, mizati yokha ndi imene ikuoneka, ndipo pakona pali bambo wina akusesa masamba, yemwe ndinamuona nditasindikiza kale.