Momwe mungatsatire ndalama za bajeti boma likazisuntha

Aphungu akavomereza bajeti, ambiri timaganiza kuti nkhani yatha. Koma chaka cha ndalama za boma, chomwe kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, n'chachitali, ndipo ndalama zimasuntha. Namondwe ngati Freddy wa mu Malichi 2023 akagwa, palibe angaletse boma kusintha mapulani. Vuto limabwera zikasuntha mwakachetechete, chipatala cha kwanu n'kukhala chopanda mankhwala.

Choyamba, pezani voti ya unduna kapena khonsolo yomwe mukuifuna. Voti ndi ndalama zomwe Nyumba ya Malamulo yapatsa nthambi imodzi ya boma, ndipo iliyonse ili ndi nambala yake m'mabuku a bajeti omwe Unduna wa Zachuma umatulutsa. Lembani zomwe zinavomerezedwa pa malipiro, pa ntchito za tsiku ndi tsiku zomwe a m'boma amati ORT, komanso pa chitukuko.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene pagona nkhani, funsani kuti ndalamazo zasuntha mkati mwa voti imodzi kapena zadumphira ku voti ina. Zikasuntha mkati, mwachitsanzo kuchoka pa maulendo kupita pa mafuta a ambulansi, a ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma ku Unduna wa Zachuma, amati virement. Mlembi wamkulu wa unduna, kapena bwanamkubwa kukhonsolo, sangasinthe momwe wafunira. Amatsata lamulo la Public Finance Management Act la 2022 ndi malangizo a Treasury, ndipo payenera kukhala kalata. Koma kuwonjezera ndalama pa voti kupitirira zomwe aphungu anavomereza ndi nkhani ina. Gawo 173 la malamulo aakulu a dziko limaletsa kutapa m'thumba lalikulu la boma popanda chilolezo cha lamulo, ndipo gawo 177 limati ndalama zikaperewera, nduna ya zachuma ibwerere kwa aphungu ndi bajeti yowonjezera. Mkulu akakuuzani kuti "tinangobwereka ku voti ina", musakhutire.

Kenako dikirani kuunikanso kwa bajeti pakati pa chaka. Ikani manambala atsopano pambali pa akale. Ine ndimayamba ndi chitukuko, chifukwa ndiko kumadulidwa msanga zinthu zikathina.

Mukaona kusiyana kosamveka, lembani kalata kwa wopereka uthenga wa nthambiyo pansi pa lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Pemphani kalata yeniyeni yovomereza kusinthako, osati mawu apakamwa. Kope la kalata yanuyo mupatse phungu wanu kuti alifikitse ku komiti ya aphungu yoona za bajeti, ya Budget and Finance.

Pomaliza pali lipoti la Auditor General, mkulu wofufuza momwe ndalama za boma zagwirira ntchito, lomwe komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma, ya PAC, imagwiritsa ntchito poitanitsa akuluakulu kuti adzayankhe. Limatuluka mochedwa, ndalama zitapita kale, monga tinaonera ndi Cashgate mu 2013, choncho musalidikire musanafunse. Likatuluka, fufuzani dzina la khonsolo yanu, ndipo muone ngati zomwe analemba zikugwirizana ndi kalata yomwe munalandira.