Ojambula mafilimu ku Salima, samalani kamaikolofoni ka pakolala

Anzanga ojambula mafilimu ndi zisudzo kuno ku Salima, pali zomwe tinaphunzira Covid-19 itafika m'dziko muno mu Epulo 2020, ndipo zimathandizabe ngakhale chimfine wamba chikalowa pagulu.

Masiki aliyense amakumbukira. Chomwe timaiwala ndi kamaikolofoni kopanira pakolala kaja. Kamakhala pafupi ndi kukamwa kwa amene akusewera ngati apongozi, akamaliza kukalipa timangokachotsa n'kukapanira pa malaya a mkamwini, malovu ali pomwepo. Muzikapukuta kaye ndi kansalu kodontheza sipiriti pang'ono. Osakapopera ayi, madzi akalowa m'kati kamafa. Kasiponji ka pamwamba aliyense akhale ndi kake, kosungidwa m'kajumbo kolembedwa dzina lake. Lenzi, galasi la kutsogolo kwa kamera lija, musaiyandikize klorini kapena sanitayiza. Ife tinawonongapo imodzi ku Senga Bay, mpaka lero zithunzi zake zimatuluka ngati kunja kuli nkhungu.

Lipisitiki ndi burashi yopakira kumaso zisamayende pankhope za anthu asanu.

Wogwira kamera ndi wa magetsi asavule masiki, avule osewera okha nthawi yojambula ikakwana. Ndi kutentha kwa kunoku masiki imanyowa thukuta 10 koloko isanakwane, ndiye tengani iwiri kapena itatu. Ngati nkhani ikulola, jambulirani panja pansi pa mtengo wa mango kusiyana n'kudzazana m'kachipinda kamalata kotseka mawindo. Koma lawirirani, mwera ukayamba mawu onse amasanduka mkokomo.

Odzaonerera ndiye amachuluka, makamaka ana. Kawaoneni amfumu dzulo lake, mumange chingwe patali ndithu, ndipo chidebe cha mpopi ndi sopo chikhale polowera.