Nyambo zachitsulo ndi zolemetsa mono: ndinayamba kupanga ndekha

Nyambo zogula, zija zokhala ndi mutu wa mtovu ndi mbedza, zinkandithera m'miyala ya pansi pa madzi. Tsiku lina ndinataya zinayi dzuwa lisanakwere, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Ndinayamba ndi masupuni akale. Ndinadula chigwiriro, kuboola mbali zonse ziwiri, kwina kumangako mbedza yokutira ndi nthenga zoyera, kwina chingwe. Nyamboyo ndikaipinda pang'ono imagwedezeka m'madzi ngati kansomba kovulala, ndipo nsomba zimailumphira.

Nyambo za mutu wa mtovu zinandivuta kupanga poyamba. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, choncho moto wa makala umakwanira. Koma chikombole changa choyamba chadothi chinali chisanaume bwino, ndipo nditathiramo mtovu unathovoka n'kundiotcha pamkono. Dontho limodzi la madzi ndi lokwanira kuchita zimenezo. Tsopano chikombole ndimachiyanika masiku angapo, kenako kuchiwamba pamoto. Ndimagwirira panja, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanga, ana ali kutali, ndipo chitini chosungunulira sichiyandikira chakudya chifukwa mtovu ndi poizoni.

Mono wa nkhanu nawo unkakokoloka ndi mafunde. Ndinathira simenti yosakaniza ndi mchenga m'zitini, n'kuzikamo waya wopinda womangira. Unkasunthabe. Simenti ikalowa m'madzi imapepuka pafupifupi ndi theka, pomwe chitsulo chimapepuka pang'ono chabe. Ndiye ndinaponyamo mabawuti ndi zidutswa za zitsulo simenti isanaume, n'kumanga zolemetsazo pansi pa mono, m'makona onse anayi. Chiyambireni sunagubuduzikenso.