Imelo ikukana kupita pa Outlook kapena Thunderbird? Chitani izi musanafufute chilichonse

Vuto limeneli silichenjeza, dzulo zonse zimayenda bwinobwino, lero mwalemba imelo mwadina Send koma yangokhala mu Outbox osasuntha, kapena pabwera kabokosi ka chingerezi ndi manambala ataliatali. Chopweteka nchoti maimelo akulowa ndithu, anthu akukulemberani mukulandira, koma inuyo kuyankha ayi. Apa ambiri amathamangira kuchotsa akaunti nkuyiikanso, ena mpaka kufufuta pulogalamu yonse. Chonde musayambire kumeneko, mutha kutaya maimelo a zaka zambiri pa vuto loti likanatha ndi kusintha nambala imodzi basi.

Mvetsani kaye ichi, chifukwa zina zonse zikuchokera pano. Pulogalamu ya imelo ya pa kompyuta, kaya ndi Outlook, Thunderbird kapena Apple Mail, imagwiritsa ntchito njira ziwiri zosiyana. Polandira imadzera pa IMAP kapena POP3, potumiza imadzera pa SMTP. Zili ngati nyumba ya zitseko ziwiri, cholowera ndi chotulukira, chilichonse ndi kiyi wake. Nde ngati mukulandira koma kutumiza kukukanika, musataye nthawi ndi zoti Incoming, vuto lili ku SMTP.

Choyamba, yesani kutumiza kudzera pa browser

Tsegulani Chrome kapena Firefox, lowani mu akaunti yomweyo pa tsamba lake, mudzitumizire nokha kaimelo kachidule kopanda fayilo. Izi sizitenga nthawi koma zimagawa vuto pakati. Kakapita, akaunti ili bwino, cholakwika chili mu pulogalamu, pa kompyuta kapena pa netiweki. Kakakana ngakhale pa browser ndiye kuti ndi akauntiyo, ndipo kusinthasintha ma settings sikuthandiza kanthu. Mwina malo adzadza, pa Gmail yaulere muli ndi 15 GB yomwe mumagawana ndi Google Drive komanso Google Photos, ikadzadza kutumiza kumaima. Mwinanso mwatumiza maimelo ambiri tsiku limodzi, Gmail yaulere malire ake ndi 500 patsiku, mukapyola amakuimitsani kaye ndipo mankhwala ake nkudikira basi.

Chachiwiri, werengani zomwe kabokosi kaja kakunena

Ndikudziwa, dzanja limathamangira pa OK. Koma kabokosi kameneko ndi komwe kakukuuzani vuto, kajambuleni ndi foni musanakatseke. Manambala a seva, kompyuta ya kampani yomwe imakunyamulirani imelo, ali ndi dongosolo lake. Akayamba ndi 4, monga 421, 450 kapena 451, ndi vuto lakanthawi, seva ikuti yesaninso nthawi ina. Akayamba ndi 5 seva yakana ndithu, olo mudine Send kangati sizisintha mpaka mutakonza china chake.

535 ndiye kuti dzina kapena pasiwedi yakanidwa, pa Gmail imalemba kuti "Username and Password not accepted". 530 ikutanthauza kuti mukufuna kutumiza musanadzidziwitse kwa seva, kapena simunayatse chitetezo chomwe ikufuna. 550 yotsatana ndi 5.1.1 ndi adiresi ya wolandira yomwe kulibe, mwina mwaphonya chilembo. 552 kawirikawiri ndi kukula kwa uthenga kapena bokosi la wolandira ladzadza. Mukaona "Relaying denied" ndiye kuti seva sinakuzindikireni ngati munthu wake, nde ikukana kukunyamulirani kalata kupita kwina.

Outlook ili ndi manambala akeake oyamba ndi 0x. Awiri omwe amabwerabwera ndi 0x80042109 ndi 0x800CCC0E, onse akunena zofanana, pulogalamu yalephera kulumikizana ndi seva. Amenewa amaloza ku port (nambala ya khomo lomwe pulogalamu imalowera pa seva), netiweki kapena antivirus, osati pasiwedi.

Chachitatu, onani Offline ndi Outbox

Pa Outlook yakale (classic) pitani pa Send/Receive muone ngati batani la Work Offline layaka, pansi pa sikirini pamalembedwanso Working Offline. Pa Thunderbird zili pa File kenako Offline. Zimadinika mwangozi.

Kenako Outbox. Imelo imodzi yolemera ikakakamira kutsogolo imatha kutsekereza zonse za m'mbuyo mwake. Gmail imalola mafayilo mpaka 25 MB, Outlook ya pa kompyuta pa maakaunti wamba imaima pa 20 MB. Ndipo pali china chomwe ambiri sadziwa, fayilo ikalowa mu imelo imafufuma pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu chifukwa cha momwe imasinthidwira kuti iyende, nde fayilo ya 20 MB pofika pa seva ili cha m'ma 27 MB. Kuti muchotse yokakamirayo yatsani dala Work Offline, ikokereni ku Drafts kapena ifufuteni, mukatero zimitsani Work Offline muone ngati zinazo zinyamuke. Fayilo yaikuluyo ikwezeni pa Google Drive kapena OneDrive mutumize linki. Dziwaninso kuti Gmail imakana mafayilo a .exe olo muwabise mu zip.

Chachinayi, ma settings a SMTP

Zofunika kuona ndi zinayi, dzina la seva, port, mtundu wa chitetezo ndi dzina lolowera. Gmail ndi smtp.gmail.com, Outlook.com ndi Hotmail ndi smtp-mail.outlook.com, Microsoft 365 ya kuntchito ndi smtp.office365.com, Yahoo ndi smtp.mail.yahoo.com, iCloud ndi smtp.mail.me.com. Ngati imelo yanu ndi ya kampani kapena bungwe, dzina la seva mufunse amene amayang'anira makompyuta kapena muone pa tsamba la kampani yomwe imakusungirani imelo, osangolota.

Port ndi chitetezo zimayendera limodzi ndipo apa mpomwe anthu amasokoneza kwambiri. Port 587 imayenda ndi STARTTLS. Port 465 imayenda ndi SSL/TLS. Mukaphatikiza mosemphana, tinene 465 ndi STARTTLS, pulogalamu imangozungulira mpaka kutopa nkunena kuti nthawi yatha. Gmail ndi Yahoo zimalola zonse ziwiri, za Microsoft ikani 587. Mukapeza palembedwa 25 isintheni, imeneyo ndi port yomwe maseva amatumizirana okhaokha ndipo makampani ambiri a intaneti anaitseka pofuna kuchepetsa spam.

Dzina lolowera lembani adiresi yonse ya imelo, osati chidutswa cha kutsogolo chokha. Pa Thunderbird zonsezi zili mu Account Settings, tsikirani pansi penipeni pa Outgoing Server, ndipo ngati muli ndi maakaunti angapo onetsetsani kuti iliyonse ikutumizira pa seva yakeyake, chifukwa zimachitika kuti akaunti ya kuntchito ikuyesa kutulukira pa seva ya Gmail nkumakanidwa. Pa Outlook yakale ija dzerani File, Account Settings, ndipo pa Outgoing Server pali kabokosi konena kuti seva yotumizira ikufuna authentication, kamenekako kakhale kochongedwa, musankhenso kuti igwiritse ntchito zomwezo za Incoming. Kakapanda kuchongedwa ndi pomwe pamabwera 530 ndi Relaying denied zija. Pa Mac, mu Apple Mail dinani Window kenako Connection Doctor, ikuonetsani ndi kadontho kofiira seva yomwe ikukana.

Chachisanu, pasiwedi, ndipo apa tikhalitsapo

Mumva munthu akuti pasiwedi yanga ndiyolondola, pa browser ndikulowa nayo, nanga bwanji pulogalamu ikuikana? Sakunama ayi. Zinthu zinasintha. Google inatseka njira yomwe inkatchedwa less secure apps pa maakaunti wamba pa 30 May 2022, ndipo Microsoft inachitanso chimodzimodzi pa Outlook.com, Hotmail ndi Live pa 16 September 2024. Kutanthauza kuti kungolemba adiresi ndi pasiwedi mu pulogalamu ngati kale sikukugwiranso. Tsopano akufuna njira yotchedwa OAuth2, pomwe pulogalamu imakutsegulirani kawindo ka Google kapena Microsoft yeniyeniyo, mumalowa kumeneko nkuvomereza, pasiwedi yanu osasungidwa mu pulogalamu. Kunena zoona njira imeneyi ndiyabwino kuposa yakale ija, olo poyamba imatopetsa.

Pa Thunderbird chitani chonchi, mu Outgoing Server muja dinani Edit, pa Authentication method musankhe OAuth2. Mukatero pitani ku Settings, Privacy & Security, Saved Passwords, muchotse mzere woyamba ndi smtp wa akaunti imeneyo, tsekani pulogalamu nkuitsegulanso. Mukatumiza ikufunsani kuti mulowe. Kawindo kaja kakabwera koyera kapena kakangozungulira, onani pa Privacy & Security pomwepo ngati ma cookies akuloledwa, popanda amenewo OAuth2 siimaliza.

Nanga ngati pulogalamu yanu ndi yakale yoti OAuth2 siyiidziwa? Pa Gmail, Yahoo ndi iCloud mutha kupanga app password, pasiwedi yapadera ya pulogalamu imeneyo yokha. Ku Google imakhala ya zilembo 16 ndipo muyenera kuyatsa kaye 2-Step Verification kuti ikuonekereni. Mumaiika mmalo mwa pasiwedi yanu ya masiku onse. Dziwani kuti mukasintha pasiwedi yaikulu ya Google, ma app password onse amafa, mupangenso ena. Koma ine maganizo anga, ngati pulogalamu yakalamba chonchi bola kuisiya. Mail ija yomwe inkabwera ndi Windows 10, Microsoft inasiya kuithandiza pa 31 December 2024, nde kulimbana nayo nkutaya nthawi. Thunderbird ndiyaulere ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux.

China chaching'ono, ngati mwasintha pasiwedi posachedwa pa foni, kompyuta ikadali ndi yakale ija ndipo ikumayesabe nayo mobwerezabwereza. Maseva ena akaona choncho amatseka akaunti kwakanthawi. Tsekani pulogalamu, dikirani pang'ono, ikani yatsopano.

Chachisanu ndi chimodzi, netiweki, antivirus ndi wotchi

Ma settings ali bwino, pasiwedi ili bwino, koma ikuti siikutha kufika pa seva. Yatsani hotspot pa foni, lumikizani kompyuta kumeneko muyesenso. Ikapita ndiye kuti netiweki yoyamba ija ndiyomwe ikutsekereza, zimachitika kwambiri pa WiFi ya m'maofesi, m'masukulu ndi m'mahotela. Ngati muli ndi VPN izimitseni kaye. Amene saopa kulemba ma command, pa Windows tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection smtp.gmail.com -Port 587 kusintha dzina la seva kuti likhale lanu, ikayankha TcpTestSucceeded True njira ili yotsegula, ikati False pali chotchinga pakati.

Ma antivirus ambiri ali ndi gawo lofufuza maimelo lomwe limaima pakati pa pulogalamu ndi seva, ndipo nthawi zina likalandira update limasokoneza. Zimitsani gawo lokhalo la imelo kwa mphindi zochepa, yesani kutumiza, kenako muliyatsenso. Osasiya kompyuta yopanda chitetezo chifukwa cha imelo, likapezeka kuti ndilo, konzani mu ma settings ake.

Mukaona uthenga wonena za certificate, chiphaso chotsimikizira kuti seva ndi yeniyeni, yang'anani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Kompyuta ikamaganiza kuti tili chaka china imakana certificate yabwinobwino. Ngati wotchi imabwerera m'mbuyo nthawi zonse mukazimitsa, kabatire kakang'ono ka mkati katha, kasintheni. Wotchi ikakhala ili bwino koma chenjezo likubwerabe, musangodina kuvomereza, onaninso dzina la seva ngati mwalilemba molondola, makamaka mukakhala pa WiFi ya gulu.

Chachisanu ndi chiwiri, yapita koma yabwerera

Ili ndi vuto lina. Imelo yatuluka mu Outbox, patapita kanthawi mwalandira uthenga wochokera kwa Mailer-Daemon kapena Postmaster. Apa pulogalamu yanu yagwira ntchito yake, wakana ndi seva ya wolandira. Tsegulani uthengawo mufufuze nambala ija. Ngati ndi 5.1.1, fufutani adiresi yomwe pulogalamu imakumalizirani yokha mulembe pamanja, chifukwa ikasunga yolakwika imangoibwereza. Ngati mukutumiza ndi adiresi ya kampani ndipo Gmail ikubweza ndi 5.7.26, vuto ndi SPF ndi DKIM, zolemba zomwe zimatsimikizira kuti imelo yachokeradi kwa eni dzina. Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo zinakhwimitsa malamulo pa zimenezi. Simungakonze izi mu Outlook, zimakonzedwa ku DNS ndi amene amayang'anira domain yanu, dzina lija la pambuyo pa @ mu adiresi yanu, mutumizireni uthenga wobwererawo wonse.

Pa Thunderbird palinso uthenga woti yalephera kusunga kope mu Sent. Pamenepa nthawi zambiri imelo yapita kale, chakanika nkusunga kokha, nde funsani kaye wolandira musanatumize kachiwiri.

Zonse zikakanika, ndiye tiyang'ane pulogalamu

Tsegulani Outlook yakale ija mutagwira batani la Ctrl kuti iyambe mu safe mode, pa Thunderbird ndi Help kenako Troubleshoot Mode. Ikatumiza mmenemo ndiye kuti ndi add-in ina, kapulogalamu kowonjezera ka mkati mwake, zimitsani imodziimodzi mpaka muipeze. Ikakanabe pangani profile yatsopano, pa Windows ndi Control Panel, Mail, Show Profiles, Add, yakale ija muisiye ili pomwepo osaikhudza.

Ndipo ngati mwatsimikiza kuchotsa akaunti, onani kaye ngati ndi IMAP kapena POP3. Pa IMAP maimelo amakhala pa seva, amabweranso okha. Pa POP3 atha kukhala pa kompyuta yanu pokha, kwina kulikonse kulibe, nde koperani fayilo ya .pst ya Outlook kapena foda yonse ya profile ya Thunderbird muiike pa flash musanadine Remove. Mukamapempha thandizo kwa wina mupatseni chithunzi cha kabokosi kaja, dzina la seva, port, ndipo mumuuze ngati pa browser ndi pa hotspot zinatheka. Pasiwedi yokha musampatse, siifunika kuti apeze vuto.