Kusankha injini yoyenera boti laling'ono la aluminiyamu

Asodzi ambiri akafuna kugula injini amayamba ndi funso lakuti, "Nditenge ya mahosipawa angati?" Theka la yankho lili kale pa boti lanulo. Opanga maboti amakhoma kachitsulo kolembedwa kumbuyo, pafupi ndi pokhala woyendetsa, ndipo pamenepo pamakhala mahosipawa (muyeso wa mphamvu ya injini) omwe botilo lingapirire, chiwerengero cha anthu, ndi kulemera kwa katundu yense. Nambala ya mahosipawayo ndi malire, musaipitirire. Ngati kachitsuloko kanachoka, funsani kaye kwa opanga botilo musanatulutse ndalama.

Chimene chimanyenga anthu n'kupepuka kwa aluminiyamu. Boti la mamita 3.6 litha kulemera makilogalamu 60 okha. Mukamangirirapo injini ya makilogalamu 55, ndiye kuti kumbuyo kwalemedwa kale, inu musanakhale pansi, thanki ya petulo isanalowe. Kutsogolo kumadzuka, kumbuyo n'kutitimira, ndipo mukachepetsa moto mwadzidzidzi, funde lomwe limakutsatirani limakwera pa khoma la kumbuyo lija amati transom n'kukhuthukira m'boti. Injini yopitirira muyeso imakankhanso khomalo tsiku ndi tsiku mpaka kung'aluka m'makona momwe anawotcherera, mariveti n'kukhwepa, madzi n'kuyamba kulowa pang'onopang'ono.

Yochepetsetsa nayo ili ndi vuto lake. Boti limalephera kudzuka kuti litsetsereke pamwamba pa madzi, limangolima madzi mphuno ili m'mwamba, injini ikulira pa moto wonse, petulo akutha. Mphepo ikayamba muli kutali ndi gombe, mulibe mphamvu yotsala yolimbana ndi mafunde.

Tsono werengerani kulemera konse kwa tsiku lomwe mwanyamula kwambiri, osati kwa boti lopanda kanthu. Tiyerekeze boti la mamita 4.2: lokhalo makilogalamu 110, injini 55, anthu awiri 140, petulo 20, maukonde onyowa, nangula, ayezi ndi nsomba 75. Zonse pamodzi ndi 400. Muyeso wongoyerekeza womwe ambiri amagwiritsa ntchito ndi wakuti hosipawa imodzi ikankhe makilogalamu osapitirira 18 kuti boti litsetsereke bwino. Gawani 400 ndi 18, mupeza 22. Choncho ya 25 ndiyo ikuyenerani, bola kachitsulo kaja kakulola. Ngati kakunena 15, chepetsani katundu kapena vomerezani kuyenda pang'onopang'ono. Kawirikawiri boti la mamita 3 limakwana ndi mahosipawa 2.5 mpaka 6, la 3.6 limafuna 6 mpaka 10, pomwe la 4.2 limayendera 15 mpaka 25.

Koma si aliyense amene akufunika kuthamanga. Ngati mumatchera pafupi, m'madzi odekha, dziwani kuti boti la mamita 4 lomwe silikutsetsereka silipitirira kwenikweni makilomita 9 pa ola, ndipo ya mahosipawa 5 kapena 6 imafikitsa liwiro limenelo bwinobwino. Mphamvu yoposa pamenepo, ngati siyokwana kudzutsa boti, imangokuza funde la kumbuyo. Ife timaona kuti kusankha koipitsitsa n'kwa pakatikati: injini yodula ndi yolemera, komabe yosakwanitsa kudzutsa boti lodzaza.

Pa petulo, yembekezerani pafupifupi malita 0.4 pa hosipawa iliyonse pa ola mukatsegula moto wonse; ya 15 imamwa malita 6 kapena 7. Injinizi zilipo za mitundu iwiri, two-stroke ndi four-stroke. Ya two-stroke ndi yopepuka ndiponso yosavuta kukonza, koma imamwa kwambiri ndipo zambiri zing'onozing'ono zimafuna kusakaniza oyilo ndi petulo, nthawi zambiri mamililita 20 pa lita imodzi (tsimikizani m'buku lake). Ya four-stroke imasunga petulo makamaka pa liwiro lochepa, koma imalemererapo, ndipo pa boti lalifupi makilogalamu 10 owonjezera kumbuyo amamveka ndithu.

Pali chinthu chomwe chimaiwalika kwambiri kuposa zonsezi: kutalika kwa mwendo wa injini. Tengani tepi, yezani transom pakati penipeni, kuchokera pamwamba pomangirira injini mpaka pansi pa boti. Mukapeza pafupifupi masentimita 38, mukufuna ya mwendo waufupi. Mukapeza 51, ya mwendo wautali. Mukaimangirira, onani chitsulo chafulati chomwe chili pamwamba pa pulopela. Chikhale molingana ndi pansi pa boti, kapena chitsikeko osapitirira masentimita 2.5. Chikakwera kwambiri, pulopela imakoka mpweya, injini imalira mokuwa boti osapita, makamaka pokhota, ndipo pampu imatha kusowa madzi oziziritsira injini. Chikatsika kwambiri, mwendo umakokera boti m'mbuyo, madzi amathovokera m'kati, ndipo mumagunda miyala pamalo osaya. Mahosipawa ngakhale akhale olondola, mwendo wolakwika umawononga zonse.

Musanakhutire, iyeseni pamadzi ndi katundu wanu wa masiku onse. Mangitsani zomangira ziwiri zogwirizira injini ku transom mwamphamvu ndi manja, ikani tcheni kapena chingwe chogwira injini ngati itasomphoka, ndipo yaikulu ngati ya 20 kapena 25 muimange ndi mabawuti obowola khoma. Valani jekete lopulumutsira moyo, kolowekani pamkono chingwe chozimitsira injini, ndipo onani ngati kamadzi koziziritsira injini kakutuluka kumbuyo kwake. Kenako tsegulani moto pang'onopang'ono mpaka wonse. Boti lidzuke m'masekondi ochepa, kutsogolo kutsike. Likamadumphadumpha, sunthirani thanki ndi katundu kutsogolo, kapena tsitsani pini yopendeketsera injini bowo limodzi kuyandikira ku boti.

Ngati makaniko ali ndi choyezera rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi), mupempheni ayeze pa moto wonse. Injini zambiri za two-stroke zimafuna 4,500 mpaka 5,500, za four-stroke 5,000 mpaka 6,000, koma buku lake ndilo limapereka nambala yeniyeni. Ikalephera kufika, musathamangire kugula yaikulu. Yesani kaye pulopela ya pitch yocheperapo (pitch ndi mtunda womwe pulopela imapita kutsogolo ikazungulira kamodzi); kuchepetsa inchi imodzi kumawonjezera rpm 150 mpaka 200, ndipo boti lolemera limadzuka msanga.