Kwa madokotala athu atsopano: Jik wopukutira matebulo si wa pabala

Ana anga amene mwangoyamba kumene ntchito m'zipatala za muno mu Harare, ine ndine namwino wopuma wa kuno ku Mbare. Sabata yatha ndinaperekeza mdzukulu wanga kukatsukitsa bala la pamwendo. Dokotala wachinyamata, waulemu ndithu, ananyamula botolo la Jik wosungunula lomwe linali pa tebulo, thonje lili kale m'manja. Ndinamugwira dzanja.

Mankhwala apakhungu ndi ena, apansi ndi ena. Pakhungu pamapita chlorhexidine kapena povidone iodine, ndipo iodineyo muzimusiya aume kaye musanabaye kapena kucheka. Chlorhexidine asalowe m'maso kapena m'khutu. Jik ndi wa pansi, mabedi ndi magazi otayika. Ngati pabotolo palembedwa 3.5%, kapu imodzi ya Jik ndi makapu 6 a madzi zimapereka mphamvu ya 0.5%. Muzisungunula watsopano tsiku lililonse, wogonera mphamvu zimakhala zitachepa. Amene tinaona kolera wa 2008, ndi wa 2018 uja wa ku Glen View ndi Budiriro muno mu Harare, muyezowu timaulota ndi kutulo komwe.

Sanitaiza ndi wabwino, masekondi 20 mpaka 30, koma manja akadetsedwa mooneka, kapena wodwala akutsegula m'mimba chifukwa cha kachirombo kotchedwa Clostridioides difficile, pitani pampopi ndi sopo basi. Spiriti wa mu sanitaiza sapha njere za kachirombo kameneko.

Kachipangizo kanu kopimira pachifuwa kaja, kamene kamangolendewera m'khosi tsiku lonse, muzikapukutako ndi spiriti musanapite kwa wodwala wina.